Timitengo tonunkhira ndi koyilo ya udzudzu: n'zapacibale, koma nchito n'zosiyana

Mvula ikayamba mu Novembala udzudzu umaculuka m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, ku Chalimbana mpaka ku Kanakantapa. Madzulo m'nyumba zathu mumafuka utsi. Ena timayatsa koyilo, ena timayatsa timitengo tonunkhira togula m'masitolo. Poti zonse zimafuka, n'kosavuta kuganiza kuti nchito yake ndi imodzi. Si tero ayi. Kuti timvetse, tiyambire ku Japan, kumene koyilo inabadwira.

Buku lakale la mbiri ya dzikolo, Nihon Shoki, limasimba kuti m'caka ca 595 cipika ca mtengo cinakokoloka ndi madzi a m'nyanja n'kutsakamira pa cisumbu ca Awaji. Anthu anacisonkhezera pamoto ngati nkhuni, koma atamva kafungo kake anacipereka ku nyumba yacifumu. Mtengowo amautcha jinko. Umamera kumaiko otentha monga Vietnam ndi Indonesia, ndipo umanunkhira pokhapokha ukavulala, pamene utomoni wakuda waunjikana pabalapo. Mpaka lero Awaji ndi cimake ca timitengo tonunkhira ku Japan.

Timitengoto, totchedwa senko, timasiyana ndi ta ku India timene tili ndi kansungwi pakati. Ta ku Japan tilibe. Amapera khungwa la mtengo wa tabu, lomwe limamata likanyowa, n'kusakaniza ufawo ndi madzi, jinko, sandalwood, sinamoni kapena ma clove. Phala lolimbalo amalikanikiza pa timabowo kuti lituluke ngati tizingwe, kenaka amadula ndi kuumitsa pang'onopang'ono. Jinko ali ndi fungo lozama, lowawirako pang'ono, pomwe sandalwood ndi wofatsa ndi wotsekemera. Makampani ena ndi akalekale, monga Shoyeido ya ku Kyoto, imene inayamba ca m'ma 1705.

Nanga koyilo? Ueyama Eiichiro, wamalonda wa ku Wakayama, analima duwa la pyrethrum, limene lili ndi mankhwala opha tizilombo. Mu 1890 anasakaniza ufa wa duwali m'timitengo tonga senko. Vuto linali lakuti tinali kutha msanga, ola limodzi lisanakwane, anthu akali m'tulo. Mu 1895 mkazi wake, Yuki, anapereka nzeru yakuti akatalikitse kamtengoko n'kukapinda mozungulira ngati nkhata. Koyilo inayamba kugulitsidwa mu 1902, ndipo imodzi imayaka maola pafupifupi 7. Zambiri za masiku ano zili ndi mankhwala opangidwa m'fakitale ofanana ndi a duwa lija.

Apa ndiye pagona nkhani. Cimene cimagwetsa udzudzu si fungo lokoma, koma mankhwala. Kamtengo kopangidwira kununkhiritsa cipinda sikateteza mwana ku malungo. Koyilo nayo ili ndi malire: imatha usiku usanathe, ndipo udzudzu wa Anopheles umaluma mpaka mbandakuca. Cotero tisasiye kugona m'neti yonyikidwa m'mankhwala, makamaka amai apakati ndi ana osakwana zaka 5. Thupi likatentha, tifulumire ku kiliniki kukapimitsa magazi.

Utsi uliwonse, wonunkhira kapena ayi, umalowa m'mapapo. Tiyatse pamene mpweya ukupita, kutali ndi makanda ndi odwala cifuwa ca mphumu. Tiike pa kambale kacitsulo, patali ndi neti, makatani ndi udzu wa denga, ndipo tisagone moto ukali kunyeka pafupi ndi bedi.

Ena amafunsa ngati Mkristu angayatse timitengo totere, popeza ku Japan mabanja acibuda amatifukiza pokumbukira makolo. Ife sititenga mwambo umenewo, ndipo tisanyengedwe ndi wotiuza kuti utsi ubweretsa mwai kapena kuthamangitsa mizimu. Ndi ufa wa mitengo cabe. Wofuna kununkhiritsa nyumba anunkhiritse, koma madzulo ano neti ipacikidwe.