Chithunzi chobadwira mu mdima

Ana inu, munayamba mwaonapo kadontho ka dzuwa pansi m'nyumba ya malata, kochokera pa bowo la msomali? Mukakayang'anitsitsa mudzaona kuti kamakhala kozungulira, ngakhale bowolo likhale lokhotakhota. Kadontho kameneko ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo. Kuwala kukalowa m'malo amdima kudzera pa kabowo kakang'ono, kumabwera ndi chithunzi cha zimene zili panja, koma chozondoka. Kamera iliyonse inayambira pamenepa: bokosi lamdima ndi kabowo.

Vuto linali lakuti chithunzi chotere sichikhala. Dzuwa likalowa, nachonso chapita. Anthu anavutika zaka zambiri kufunafuna njira yochigwirira, mpaka cha m'ma 1826 pamene Nicéphore Niépce wa ku France anajambula madenga a nyumba ali pa windo la kwawo. Kuti chithunzicho chigwire pa kachitsulo kake, panapita maola osachepera 8. Tangoganizani akukuuzani kuti musagwedezeke kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka kusukulu!

Kamera za filimu zimene zinajambula agogo anu zinabwera pambuyo pake. Filimu ndi kalamba kapulasitiki kokulungidwa m'kachitini kosalowa kuwala. Mbali imodzi ya kalambako amapakapo zomata zotchedwa jelatini, zimene amazipanga kuchokera ku mafupa ndi zikopa za nyama. M'kati mwa jelatinimo muli timibulu ta mchere wa siliva, tating'ono kwambiri moti maso sangatione. Timibulu timeneti sitifuna kuwala ngakhale pang'ono. Kukangotikhudza, timasintha.

Wojambula akadina batani, kachitseko ka m'kati mwa kamera kamatseguka n'kutsekeka msanga kuposa kuphethira kwa diso. Pa kanthawi kameneko kuwala kochokera pa nkhope yanu, pa malaya anu ndi pa mtengo wa mango uli kumbuyo kwanu kumadutsa pa galasi la kutsogolo n'kukagwera pa filimu. Pamene pagwera kuwala kwambiri, timibulu tambiri timasintha. Pamene pagwera kochepa, timasintha tochepa. Filimu yakuda ndi yoyera siidziwa kuti ichi n'chofiira, icho n'chobiriwira. Imangodziwa kuchuluka kwa kuwala basi. N'chifukwa chake zithunzi zake zimatuluka zakuda, zoyera ndi zotuwa.

Tsono chodabwitsa n'chakuti chithunzicho chilipo kale pa filimupo koma sichioneka. Ndipo mukatsegula kamera kuti musuzumire, mwaononga zonse, chifukwa kuwala kumalowa n'kupsereza filimu yonse. Filimu yodziwika kwambiri, ya mamilimita 35, imatenga zithunzi 24 kapena 36. Ndiye wojambula ankadikira kuti ithe kaye asanakaitsukitse. Funsani akuluakulu, akuuzani mmene ankadikirira masabata kuti aone ngati anatuluka bwino pa chithunzi cha ukwati kapena cha ubatizo.

Kutsuka filimu ndi ntchito ya mu mdima wa ndiweyani. Wotsuka amatulutsa filimu m'kachitini, n'kuikulunga pa kagudumu kapulasitiki mongopapasa ndi zala, kenako n'kuitsekera m'kabotolo kosalowa kuwala. Akatero akhoza kuyatsa nyale. Amathiramo mankhwala oyamba otchedwa developer, ofunda madigiri 20, n'kumagwedeza pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo. Mankhwalawa amasandutsa timibulu tija tinakhudzidwa ndi kuwala kukhala siliva weniweni wakuda. Kenako amathira ena oimitsa ntchito ya oyambawo, n'kumalizira ndi fixer, amene amachotsa timibulu tonse tosakhudzidwa kuti filimuyo isaopenso kuwala. Amaitsukuluza ndi madzi ambiri, n'kuiyanika pa chingwe.

Chimene chimatuluka ndi negetivu, ndipo pa negetivu zonse n'zotembenuka. Mano amakhala akuda bii, tsitsi loyera mbuu, thambo la masana lakuda ngati kukubwera chimvula. Kuti zibwerere m'malo mwake, amaika negetivuyo m'makina okulitsira zithunzi, amene amawalitsa kuwala kudutsa pa negetivu n'kukagwera pa pepala lapadera, lopakidwanso mchere wa siliva. Pamene negetivu ili yakuda, kuwala sikudutsa kwenikweni, ndiye pepala limatsala loyera. Mano aja ayeranso.

Apa ndi pamene ine ndimapakonda kuposa ponse. M'chipinda chotsukira zithunzi mumayaka kanyale kofiira kokha, chifukwa pepalali silimva kuwala kofiira. Wotsuka amatenga pepala looneka loyera, lopanda kanthu, n'kuliviika m'mbale ya mankhwala. Poyamba zii. Kenako maso amayamba kutuluka, kenako tsitsi, kenako mizere ya chitenje, mpaka munthu yense ali phee kukuyang'anani ali m'madzi. Zonsezi zimachitika m'mphindi imodzi kapena ziwiri.

Kale ntchitoyi inali ya akatswiri okhaokha. Amene anaifikitsa kwa anthu wamba ndi George Eastman wa ku America. M'chaka cha 1888 anayamba kugulitsa kamera ya Kodak, imene inkabwera ndi filimu ya zithunzi 100 m'kati mwake. Filimu ikatha, mwini wake ankatumiza kamera yonseyo ku fakitale ku Rochester, ndipo a kufakitaleko ankaibweza ndi zithunzi zotsukatsuka komanso filimu yatsopano. Mu 1900 anatulutsa kamera ya Brownie, ya mtengo wa dola imodzi, ndipo anaitsatsa makamaka kwa ana ngati inu. Ngakhale nkhope ya John Chilembwe imene mumaiona pa ndalama timaidziwa chifukwa cha zithunzi zakuda ndi zoyera zimene anajambulidwa ali moyo.

Lero mafoni ali ponseponse, komabe filimu siinafe. Kampani ya Ilford ku England ikupangabe filimu yakuda ndi yoyera, ndipo achinyamata ambiri m'mayiko osiyanasiyana akugula makamera akale n'kumatsuka okha zithunzi kunyumba. Munthu amene ali ndi zithunzi 36 zokha sajambula chisawawa. Amayamba waona kumene kukuchokera dzuwa, n'kudikira kuti mwana aseke, kenako n'kudina kamodzi.

Mukapita kwa agogo, apempheni akuonetseni envelopu ya zithunzi zakale. Nthawi zambiri timanegetivu timakhala momwemo. Gwirani m'mphepete mokha, chifukwa zala zimasiya mafuta ovuta kuchotsa, ndipo mutione poloza ku windo, osati ku dzuwa. Mukatha mutibwezere pouma. Musatitaye, chifukwa negetivu yosungidwa bwino ikhoza kutulutsanso chithunzi chatsopano ngakhale patapita zaka 50.