Chuma Chamasiye: Zimene Lamulo Limanena, ndi Chifukwa Cholembera Wilo

Amayi anzanga, maliro akagwa m'mudzi kapena m'mphakati mwathu, ndife timayamba kufika. Timaphika, timatunga madzi, timagona pasiwa. Koma manda akangokwiriridwa, nthawi zambiri namfedwa amatsala yekha pa nkhani yovuta kuposa zonse: katundu wa malemu apita kwa yani? Pamenepa ndi pamene mabanja ambiri amasiyana, ndipo mayi wamasiye ndi ana amatuluka m'nyumba ndi zovala zokha.

Ife anamwino ndi azamba timaona zotsatira zake kuchipatala. Mayi wolandidwa munda amabwera ndi mwana wonyentchera. Wina amasiya kudzatenga mankhwala a BP kapena ma ARV chifukwa wasamutsidwira kutali ndipo alibe ya thiransipoti. Choncho nkhani ya chuma chamasiye ndi nkhaninso ya umoyo, ndipo tiyenera kuidziwa maliro asanagwe.

Lamulo la 2011

M'chaka cha 2011, dziko lino lidakhazikitsa lamulo latsopano loona za chuma chamasiye, lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Lidalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967, lomwe linkapereka gawo la chuma kwa achibale olowa m'malo motsata mwambo. Lamulo latsopanoli lidatseka khomo limenelo. Kaya banja linali la chikamwini kapena la chitengwa, malume, mlongo kapena mphwake wa malemu sangatenge katundu pongonena kuti mwambo wa kwawo ukutero.

Munthu akamwalira osalemba wilo

Apa lamulo limayamba kuona mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake, ndi ena amene ankadalira malemuyo pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, kuti asagwe m'mavuto. Kenako limanena kuti wamasiye asunge katundu yense wa m'nyumba mwake, monga mipando, bedi, zofunda ndi ziwiya. Zotsala zimagawidwa kwa wamasiye, ana ndi makolo a malemu.

Pogawa, amaonanso zimene malemu adanena pamaso pa mboni zodalirika, ndi thukuta limene aliyense adakhetsa pa chumacho. Ngati panali golosale kapena chigayo, lamulo limatenga kuti wamasiye adathandizapo, pokhapokha wina atabweretsa umboni wotsutsa. Pakati pa ana, wamng'ono amayenera kulandira gawo lokulirapo kuposa wamkulu, chifukwa ulendo wake wa sukulu ukadali wautali.

Mawu oti "mwana" tiwamvetse bwino. Lamulo silisiyanitsa wamkazi ndi wamwamuna. Limawerengera mwana wotengedwa mwalamulo kuti aleredwe, komanso mwana amene adakali m'mimba. Mayi amene wafedwa ali woyembekezera adziwe kuti khandalo lili ndi gawo lake. Limawerengeranso mwana wobadwa kunja kwa banja. Izi zimawawa kwa mayi amene wangomva za mwanayo pamaliro, koma lamulo silimulanga mwana chifukwa cha zochita za makolo ake.

Nanga wamasiye akakwatiwanso? Zimene adalandira zimakhalabe zake. Chosiyana ndi katundu amene ali pamalo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu: ameneyo amapita kwa ana amene adabereka ndi malemu.

Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu

Wotenga katundu wa malemu popanda ufulu akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kukakhala kundende, ndipo khoti likhoza kumulamula kubweza zimene adatenga. Si nkhani ya m'banja yongothera pabwalo la ankhoswe. Wolandidwa akhoza kupita ku polisi, ku nthambi ya Victim Support Unit, ku ofesi ya DC, ku khoti la majisitireti, kapena ku Legal Aid Bureau, komwe amathandiza anthu osatha kulipira loya. A Chilungamo ndi Mtendere m'parishi mwanu akhozanso kukulozerani njira.

Ngati lamulo likutiteteza, wilo ndi yachiyani?

Lamulo limapereka mfundo zogawira, koma silidziwa kuti m'banja mwanu makina osokera akuyenera mwana uti, kapena kuti mdzukulu amene mukulera ndi wa malemu mwana wanu. Popanda wilo, pamafunika kukapempha kukhoti kalata yopereka mphamvu zoyendetsera chumacho, ndipo achibale akasemphana, nkhani imatha miyezi kapena zaka ana ali pakhomo osapita kusukulu. Wilo imalankhula m'malo mwanu tsiku limene simungathe kudziyankhira.

Ena amati kulemba wilo ndi kudziitanira imfa. Mayi woyembekezera akamakonzeratu chitenje, beseni ndi ndalama ya ulendo wa kuchipatala, sitinena kuti akuitana mavuto. Timati ndi wanzeru. Wilo ili chimodzimodzi. Ndipo si ya abambo okha kapena olemera okha. Mayi amene ali ndi mbuzi, njinga, puloti kapena masheya ku banki m'khonde ali nacho cholemba.

Kalembedwe kake

Aliyense amene wakwanitsa zaka 18 ndipo mutu wake ukuyenda bwino akhoza kulemba wilo, ngakhale m'Chichewa, ngakhale popanda loya. Chachikulu n'chakuti ikhale yolembedwa papepala. Lembani dzina lanu lonse, tsiku, katundu wanu mmodzimmodzi, ndi mayina onse a olandira. Musangoti "ana anga agawane". Tchulani kuti nyumba ya kwakuti ipite kwa uje. Tchulaninso munthu wokhulupirika amene adzaonetsetse kuti zofuna zanu zatsatidwa.

Sayinani pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine inu mukuona. Wosadziwa kulemba akhoza kudinda chala. Mbonizo zisakhale anthu amene mwawapatsa kanthu mu wiloyo, chifukwa akhoza kutaya gawo lawo.

Ngati ana ndi aang'ono, tchulani amene adzawalere. Mukhozanso kusungitsa gawo lawo m'manja mwa anthu odalirika, ndi kulemba momveka kuti ligwire ntchito ya fizi, chakudya ndi chipatala, kenako liperekedwe kwa anawo akafika msinkhu umene mwatchula. Pachizungu amati trust. Wosungayo si mwini chuma. Akadya amayankha mlandu. Ndi bwino kusankha anthu awiri, wakuchimuna ndi wakuchikazi, kuti aziunikirana.

Wilo musaibise pansi pa matiresi, pomwe woyamba kuipeza akhoza kuing'amba. Isungitseni kukhoti, kwa loya kapena kubanki, ndipo munthu mmodzi kapena awiri adziwe komwe ili. Mukhoza kuisintha nthawi iliyonse. Ionereninso mwana akabadwa, mukagula kapena kugulitsa katundu, ndipo makamaka mukalowa m'banja latsopano, chifukwa ukwati umatha kufafaniza wilo yakale. Lembani katundu wanuwanu yekha, ndipo musasiye dala mnzanu wa m'banja kapena ana opanda kanthu.

Apantchito musaiwale fomu ya penshoni. Ndalama imeneyo imatsata mayina amene mudalemba pafomupo. Alipo abambo amene adalemba makolo awo asanakwatire, mpaka lero sadasinthe.

Poyambira

Sonkhanitsani setifiketi ya ukwati, zitupa zobadwira za ana, makalata a puloti ndi malisiti a katundu wamkulu, muziike pamalo amodzi. Kenako pezani nthawi yabwino, aliyense ali bwinobwino, mukambirane ndi bambo a kunyumba. Pa msonkhano wotsatira wa amayi, itanani wodziwa malamulo adzayankhe mafunso anu. Ndipo mnzathu akafedwa, tisamusiye tsiku loika maliro: awiri kapena atatu a ife akhale naye pafupi tsiku lokambirana za katundu.