Tiyi Ankathyoledwa, Bala Ili Yotseka

Pa 30 Malichi 2020, dziko la Zimbabwe lidalowa m'masiku 21 a m'bindikiro omwe Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adalengeza pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19. Misika idatsekedwa, mabasi adaima, malo odyera ndi omwera mowa adakhomedwa. Koma m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi ku Chipinge, dera lomwe kale linkatchedwa Gazaland, ntchito siidaime. Ulimi udaikidwa m'gulu la ntchito zofunika, ndipo tsamba la tiyi likapitirira nthawi yothyolera limakhwima n'kutaya mtengo.

Ambiri mwa othyola tiyi kumeneko ndi ana ndi zidzukulu za anthu omwe adachokera ku Malawi ndi ku Mozambique kudzafuna ntchito. Kwa iwo, holo ya mowa ya pa komboni ndi malo okumanirapo. M'menemo anthu amamva za maliro, amakumbutsana za ngongole, ndipo panja pake amayi amagulitsa nsima, nyama yootcha ndi nthochi. Holo ikatsekedwa, mayi wa mphika nayenso watsekeredwa, ngakhale dzina lake silili m'kaundula aliyense wa amalonda.

Kutsegula kudayambira kumwamba. Kumapeto kwa Juni 2020, nduna za boma zidalola malesitilanti kulandiranso anthu odyera mkati, koma theka lokha la mipando. Pa 1 Okutobala chaka chomwecho ndege zochokera kunja zidayambanso kutera. Ngakhale pa m'bindikiro wokhwima womwe udayamba pa 5 Januwale 2021, mahotela ankaloledwa kudyetsa alendo ogona momwemo. Mabala, maholo a mowa ndi malo azisangalalo a usiku adakhala otseka kwa nthawi yoposa chaka, kufikira mu Okutobala 2021.

Boma lidali ndi zifukwa zomveka. Ntchito zokopa alendo zimabweretsa ndalama zakunja, ndipo kumapiri a kum'mawa kuli malo ngati mathithi a Mutarazi ndi phiri la Nyangani omwe amadyetsa mabanja ambiri. Komanso kachilombo ka korona kamafala mosavuta m'chipinda chodzaza, chosowa mpweya wabwino, momwe anthu avula zotchinga pakamwa ndipo akuyankhula mokweza. Holo ya mowa tsiku la malipiro imakhala chonchodi.

Vuto lidali pa muyeso womwe udagwiritsidwa ntchito. Malamulo adayang'ana mtundu wa laisensi, pomwe matenda amayang'ana kuchuluka kwa anthu ndi kayendedwe ka mphepo. Chipinda chodyera cha hotela chokhala ndi mawindo otseka chikhoza kukhala choopsa kuposa mabenchi oyalidwa pansi pa mtengo pa sitolo za ku Hauna. Kukadaloledwa kuti eni mabala ang'onoang'ono atulutse mipando panja, awerenge anthu olowa ndi kutseka dzuwa likamalowa, ena mwa iwo akadapulumutsa malonda awo. M'malo mwake, mowa udasamukira m'mashabini, m'tizipinda tothinana momwe wazaumoyo sankafikamo. Ludzu silimvera gazeti ya boma.

Chithandizo nachonso chidatsata njira yomweyo. Mu Meyi 2020 boma lidalengeza thumba la madola a Zimbabwe 18 biliyoni lotsitsimutsira chuma, ndipo 500 miliyoni idali ya ntchito zokopa alendo. Thandizo lotere limafika kwa amene ali ndi mabuku a bizinesi ndi akaunti ku banki. Wogulitsa nsima wa ku lokeshoni ya Gaza m'tauni ya Chipinge, m'boma lomwe namondwe wa Idai adalikantha mu Malichi 2019, sadali m'gulu limenelo.

Katemera adayamba kuperekedwa pa 18 Febuluwale 2021, ndipo mabala atatsegulidwa mu Okutobala, olowa adayenera kukhala obayitsa katemera mokwanira. Lamuloli linkaoneka lofanana kwa onse, koma miyendo yoyenda siinali yofanana. Wothyola tiyi amalandira malinga ndi makilogalamu omwe wathyola, choncho maulendo awiri a ku chipatala ndi masiku awiri otayika. Palinso nkhani ya ziphaso. Kusintha kwa lamulo la unzika kwa mu 2001 kudasiya mbumba zambiri za obwera opanda mapepala, ndipo ngakhale malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 adavomereza obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC, ambiri adali asadalandirebe chitupa. Munthu wotere amakayikira mzere uliwonse womwe kumapeto kwake kuli kalaliki wofunsa dzina ndi nambala.

Kwa alangizi a m'midzi ndi makomiti a ogwira ntchito m'maesiteti, ntchito yomwe ikadathandiza idali yapafupi: kulemba maina a onse odyera pa khomo la holo, kuphatikizapo amayi a miphika, ndi kupempha kuti anamwino abwere ndi katemera pa sikelo pomwe tiyi amayezedwa madzulo aliwonse.