Mwana wanu safunika kalikuleta yodula kuti aphunzire magalafu

Makolo ambiri a ku Beech Grove, Indianapolis ndi South Bend amadzidzimuka mwana akafika ku sekondale n'kubwera ndi mndandanda wa zofunika kugula. Pamndandandapo nthawi zambiri pamakhala kalikuleta yojambula magalafu ngati TI-84 Plus, yomwe mtengo wake umapitirira madola 100. Kwa banja lomwe likulipira lendi kuno, kwinaku likulipirira fizi abale kumudzi, ndalamayi si yamasewera. Musanagule, dziwani kuti pali mapulogalamu aulere omwe amagwira ntchito yomweyo.

Woyamba ndi Desmos, yemwe anayambitsidwa ndi Eli Luberoff mu 2011. Amagwira pa foni ndi pa kompyuta. Kuyambira 2022, ophunzira a giredi 11 m'sukulu za boma ku Indiana amalemba mayeso a SAT, ndipo mayesowa amalembedwa pa kompyuta, Desmos ali momwemo. Choncho mwana amene wamuzolowera kunyumba sadzachita naye chilendo tsiku la mayeso.

Wachiwiri ndi GeoGebra, yemwe Markus Hohenwarter anamuyamba ali wophunzira pa yunivesite ya Salzburg ku Austria cha mu 2001. Iyeyu amaphatikiza magalafu ndi masamu a mizere, makona ndi zozungulira. Mukamuika pa foni amagwira ngakhale popanda intaneti, zomwe zingathandize mphwanu wa Fomu 4 kumudzi amene bandulo imamuvuta.

Kwa a ku koleji pali Maxima, yemwe anachokera ku pulogalamu ya Macsyma yomwe inayamba ku MIT mu 1968, komanso SymPy wa anthu olemba mapulogalamu mu Python. Awiriwa amasova ma equation ndi zilembo zomwe, osati manambala okha, ndipo aliyense ali ndi ufulu woona mmene anapangidwira ndi kuwasintha.

Tiyeni tione mmene galafu imasovera funso. Tengani x² − 5x + 6 = 0. Ife a MSCE tinkajambula tebulo, n'kuika timadontho papepala la magalafu, n'kulumikiza ndi pensulo. Mu Desmos mumangolemba y = x² − 5x + 6, ndipo mzere wokhota ngati mbale umaoneka pompo. Pomwe mzerewo wadutsa mzere wogona wa x ndi pamene pali mayankho: 2 ndi 3. Mukasintha 6 kukhala 7, mbale ija imakwera, siikhudzanso mzere wogona. Apa mwana amaona ndi maso chifukwa chake mafunso ena alibe yankho mwa manambala omwe timawerengera tsiku ndi tsiku.

Akuluakulu nafenso tingapindule. Tiyerekeze kuti kampani ina yotumiza ndalama imadula madola 5 kuphatikiza 1 peresenti, pomwe ina imadula 3 peresenti basi. Lembani y = 5 + 0.01x, pansi pake y = 0.03x. Mizere iwiriyi ikumana pa 250. Mukamatumiza ndalama zochepera madola 250, yachiwiriyo ndi yotchipa. Zikapitirira, yoyambayo ndiyo yabwino. Otsala ndi mtengo wosinthira kwacha, womwe muyenera kuuyerekezanso paokha.

Pomwe ana ambiri amagwa ndi pa kalembedwe. Pulogalamu isanasove chilichonse, imayamba yagawa zomwe mwalembazo m'tizidutswa: manambala, zilembo, zizindikiro ndi mabulaketi. Kenaka imasanja kuti chiyambe n'chiti, chitsatire n'chiti. Lamulo lake ndi lomwe kwathu tinkalitchula BODMAS, kuno ana amati PEMDAS. Maina ndi osiyana koma lamulo ndi limodzi, ndiye musakangane ndi mwana patebulo. Makina amamva zomwe mwalemba, osati zomwe mumafuna kulemba. Mukalemba −3², Desmos ayankha −9, chifukwa amayamba ndi 3 kuchulukitsa ndi 3, kenaka n'kuika chochotsera. Ngati mumafuna 9, lembani (−3)². Chodabwitsa n'chakuti Excel, mukamulembera =-3^2, amapereka 9. Momwemonso 1/2x akhoza kumveka ngati theka la x kapena ngati 1 kugawa ndi 2x. Mankhwala ake ndi mabulaketi: paliponse pomwe pali chikayiko, aikeni. Pa masamu a sin ndi cos, yambani mwaona ngati pulogalamu ikuwerengera makona m'madigiri kapena mu ma radian.

Nkhawa ya makolo yoti makina achititsa mwana ulesi ndi yomveka. Njira yabwino ndi yoti mwana ayambe wasova papepala, kenaka ayese yankho lake pa galafu. Zikasiyana, afufuze pomwe wasochera. Kwa olemba MSCE izi n'zofunika koposa, poti MANEB imafuna kuona njira yonse papepala.

Ngati kunyumba kulibe kompyuta, nthambi ya Indianapolis Public Library ku Beech Grove ndi St. Joseph County Public Library ku South Bend zili ndi makompyuta ogwiritsa ntchito kwaulere. Musanatulutse ndalama, funsani aphunzitsi a masamu ngati kalikuleta yam'manja ikufunikadi pa mayeso a m'kalasi mwawo. Ngati ikufunika, afunseninso ngati sukulu imabwereketsa.