NKHOKWE YOBISIKA M'FONI YATHU: KUSANKHA NDI KUSAMALA BROWSER

Mau Oyamba

Ife a kwa Ndamera timadziwa kufunika kwa nkhokwe. Tikakolola mapira kapena mchewere timayamba taona pomanga nkhokwe: pakhale posafika madzi, chiswe chisalowe ndiponso mbala isaione msanga. Masiku ano ambiri a ife tili ndi nkhokwe ina imene sitinaimange ndipo sitiiona ndi maso. Nkhokweyi ili m'foni, mkati mwa pulogalamu imene timatsegulira masamba a pa intaneti. Pulogalamu imeneyi dzina lake ndi browser. Chrome, Opera Mini, Firefox ndi Phoenix ndi ena mwa mabrowser amene timawapeza m'mafoni athu.

Cholinga cha phunziro lino ndi chakuti tidziwe zimene browser imasunga, zimene zingaononge zosungidwazo, ndiponso mmene tingasankhire browser yoyenera ntchito yathu.

Kodi Nkhaniyi Ikutikhudza Bwanji?

Boma la Nsanje laona madzi osefukira kawirikawiri: mu Januwale 2015, pa namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndiponso wa Freddy mu Malichi 2023. Ngozi yotere ikagwa, chithandizo chisanafike pamayamba kalembera wa mabanja okhudzidwa. Kale kalemberayu ankachitika pa mapepala okha. Tsopano mabungwe ambiri othandiza anthu pa ngozi amalemba pa foni, ndipo njira imodzi yodziwika ndi ya KoboToolbox.

Fomu ya KoboToolbox itha kutsegulidwa mu browser ndi kudzazidwa ngakhale pamalo popanda netiweki. Maina onse olembedwa amadikira m'nkhokwe ya browser mpaka wolembayo atafika pamene pali netiweki. Nkhokweyo ikafufutidwa mafomu asanatumizidwe, mainawo atayika, ndipo banja losowa litha kusapezeka pa mndandanda wa olandira chithandizo. Kuno kwathu netiweki imavuta m'midzi yambiri, makamaka nthawi ya mvula. Kotero nkhaniyi ndi ya ife tonse, olemba ndi olembedwa omwe.

Kodi Browser Imasunga Chiyani?

1. Mbiri ya masamba. Browser imalemba tsamba lililonse limene tatsegula, tsiku ndi nthawi yake. Chrome ndi Firefox amasunga mbiriyi m'kakaundula kopepuka kotchedwa SQLite, kamene D. Richard Hipp wa ku America anakayambitsa m'chaka cha 2000. Ubwino wake ndi wakuti kaundula yense amakhala m'failo imodzi m'foni momwemo, osadalira kompyuta ina yakutali.

2. Ma cookie. Iti ndi tizikalata tating'ono timene tsamba limasiya mu browser, kamodzi kosapitirira zilembo pafupifupi 4,000. Tinayamba mu 1994 ku kampani ya Netscape. Ndi ma cookie amene amachititsa kuti Facebook itizindikire mawa popanda kulembanso mau achinsinsi. Otsatsa malonda amawagwiritsanso ntchito potitsata pa intaneti.

3. Local storage. Apa tsamba lililonse limapatsidwa malo a ma megabyte pafupifupi 5 osungiramo zolemba zifupizifupi, monga chilankhulo chimene tasankha.

4. IndexedDB. Uyu ndiye kaundula wamkulu wa mu browser. Amatha kusunga mafomu ambiri pamodzi ndi zithunzi zomwe. Bungwe la W3C, limene limakhazikitsa miyezo ya masamba a pa intaneti, linamuvomereza mu 2015. Mafomu odikira netiweki aja amakhala m'menemu.

Kunalinso njira ina yotchedwa Web SQL. Bungwe la W3C linaisiya mu 2010, Firefox sanailandire, ndipo Chrome nayenso anadzaichotsa pambuyo pake. Apa tikuona kuti zinthu zimenezi zimasintha. Browser yokalamba imalephera masamba atsopano, ndipo tsamba lokalamba limalephera pa browser yatsopano.

Mfundo Ziwiri Zofunika Kuzikumbukira

Yoyamba: browser iliyonse ili ndi nkhokwe yakeyake. Fomu imene tadzaza mu Chrome sitingaipeze mu Firefox ngakhale foni ndi yomweyo. Foni ikatayika kapena kumira m'madzi, zonse zimene sizinatumizidwe zapita nayo.

Yachiwiri: tsamba limaona zokhazo zimene linasunga lokha, koma munthu amene wagwira foni yathu yosatseka amaona zonse. Walira mvula walira matope. Nkhokwe yomweyo imene imatithandiza pamene palibe netiweki ndi imenenso ingaulule zinsinsi zathu tikabwereketsa foni, tikaisiya kotchajitsa kapena tikaigulitsa.

Zimene Zimaononga Zosungidwa

(a) Kufufuta zonse pofuna malo. Tikadina Clear data pa browser, kapena kusankha Cookies and site data pofufuta, mafomu osatumizidwa amafufutika nawo.

(b) Mapulogalamu oyeretsa foni. Ena amasesa nkhokwe ya browser osatifunsa bwino.

(c) Foni yodzaza. Malo akatsala pang'ono kutha, browser itha kutaya yokha zosungidwa za masamba amene tatenga nthawi tisanawatsegule.

(d) Zenera lachinsinsi, lotchedwa Incognito kapena Private. Limataya zonse tikangolitseka. Ndi labwino pa foni yobwereka, koma tisadzazemo fomu yodikira netiweki.

(e) Kuchotsa browser m'foni ndi kuikamo ina.

Tingasankhe Bwanji Browser Yabwino?

Tisanasankhe tidzifunse mafunso anai awa.

Kodi yachokera kuti? Titenge browser ku Play Store. Pulogalamu yopatsana kumsika kapena kwa oika nyimbo m'mafoni itha kukhala yakale kapena yosinthidwa ndi anthu a zolinga zoipa.

Kodi eni ake amaikonzabe? Chrome ndi wa kampani ya Google, ndipo Firefox ndi wa bungwe la Mozilla. Onsewa amatulutsa zokonza pafupipafupi potseka mipata yolowera akuba. Tikapeza bandulo yokwanira, tiziilola browser kulandira zokonzazo.

Kodi ntchito yathu ndi yotani? Opera Mini, ya kampani ya ku Norway, imathandiza kuti bandulo isathe msanga. Ikakhala pa kupulumutsa data kwambiri, tsamba limayamba lapita ku makompyuta a kampaniyo, kumene limachepetsedwa lisanafike m'foni mwathu. Izi ndi zabwino powerenga nkhani kapena zotsatira za mpira. Koma pa mafomu ofunika kusungidwa m'foni tigwiritse ntchito Chrome kapena Firefox. Ngati bungwe lotituma lalola, ndi bwino kudzaza mafomu m'pulogalamu ya KoboCollect, imene imasunga zake payokha, kunja kwa browser.

Kodi imateteza zinsinsi zathu? Kuyambira mu 2019 Firefox imatsekereza yokha ma cookie ambiri otsata anthu. Browser imene imatidzazira zotsatsa malonda, kapena kupempha kuona manambala a anzathu ndi mauthenga athu popanda chifukwa, tiikaikire.

Palibe cholakwa kukhala ndi mabrowser awiri, ina yowerengera nkhani, ina ya ntchito, malinga ngati tikudziwa chimene tasunga mu iliyonse.

Ufulu ndi Udindo Wathu

Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, kuphatikizapo makalata ndi zolankhulana za pa lamya. Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya anthu, la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.

Kotero wina akabwera kudzalemba dzina lathu, nambala ya chiphaso cha unzika kapena kutijambula, tili ndi ufulu womufunsa mwaulemu: watumidwa ndi ndani, zimene akulembazo zikupita kuti, ndipo zikagwira ntchito yanji? Safunsa anadya phula.

Nafenso tikasankhidwa kulemba anzathu, tidziwe kuti tanyamula katundu wa eni. Maina a amasiye, okalamba ndi odwala si oonetsa kwa aliyense.

Zoyenera Kuchita

1. Tiike nambala yotsekera foni, ndipo tisauze aliyense.
2. Titumize mafomu tsiku lomwelo ngati nkotheka, ndipo tionetsetse kuti palibe yotsala tisanafufute chilichonse.
3. Tilembenso maina m'kope la komiti ya m'mudzi ndi kulisunga m'pepala la pulasitiki pamalo okwera.
4. Foni ya kalembera isabwereketsedwe mafomu asanatumizidwe.
5. Tikagwiritsa ntchito foni ya mnzathu, tituluke mu akaunti yathu, ndipo tikane browser ikapempha kusunga mau achinsinsi.
6. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba tisailembe pa tsamba limene talilandira pa uthenga wa munthu wosamudziwa.
7. Tisanagulitse foni, titumize zofunika zonse, kenaka tiifufute yonse.

Mafunso Okambirana pa Gulu

1. Kodi m'mafoni a gulu lathu lino muli mabrowser ati? Tinawasankha tokha kapena tinawapezamo?
2. Kodi m'mudzi mwathu ndi malo ati pamene netiweki imapezeka bwino ngakhale nthawi ya mvula?
3. Foni ya wolemba maina itatayika lero, kodi komiti yathu ingapeze kuti mndandanda wina?
4. Kodi achinyamata odziwa za mafoni angathandize bwanji makolo ndi agogo popanda kuona zinsinsi zao?
5. Kodi tigwirizane chiyani lero, ndipo ndani akafotokozere a mfumu ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mvula isanayambe?