Kodi wofuna kulowa chipani chachitatu aziwerenga chiyani?

Pa 24 June 1978, patangotsala milungu isanu ndi umodzi kuti amwalire, Papa Paul VI anavomereza Lamulo latsopano la akhristu eni ake otsatira Francis woyera wa ku Assisi. Ndi kabuku kochepa kwambiri, ka ndime 26 zokha, koti munthu wokwera minibasi pa Mchinji akhoza kukamaliza asanafike pa Namitete. Komabe ambiri amene amabwera kwa ine kudzafunsa za moyo umenewu amakhala atawerenga zina zambirimbiri, za maonekedwe a Amayi Maria, za zozizwitsa za oyera, za masiku otsiriza, koma kabuku aka sanakaonepo.

Poyamba tisiyanitse zinthu zimene anthu amaziphatikiza. Legio ya Maria, yomwe Frank Duff anayambitsa ku Dublin mu 1921, ndi bungwe. La Amayi Akatolika nalonso ndi bungwe. Chipani chachitatu ndi china: malamulo a Mpingo, pa nambala 303, amachifotokoza ngati gulu la anthu okhala m'makomo mwawo koma ogawana mzimu wa chipani china cha ansembe kapena asisiteri, motsogozedwa ndi chipanicho. Kwa a Franciscan, chipani choyamba ndi cha ansembe ndi abulazala, chachiwiri ndi cha asisiteri obindikira a Poor Clares, onga amene ali ku Lilongwe, ndipo chachitatu ndi cha mlimi, mphunzitsi, mayi wogulitsa mtedza pamsika. Amakwatira, amabereka, amalima fodya, koma amachita malonjezo pamaso pa Mpingo, ndipo malonjezowo ndi a moyo wonse. Kuvala sikapulala yofiirira pakhosi kokha sikumpanga munthu kukhala wa chipani chachitatu cha Carmelite, ngakhale ambiri amaganiza choncho.

Mkhristu wa kwa Mlonyeni, m'boma la Mchinji, sali kutali ndi zinthuzi. Pamalire penipeni pali Kachebere, pomwe ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1903, ndipo seminale yaikulu inayamba mu 1939. Parishi ya Guilleme ili ndi dzina la Episkopi Mathurin Guillemé, yemwe anayambitsa chipani cha asisiteri a Teresian, otchedwa dzina la Thérèse woyera wa ku Lisieux. Kumpoto kwa boma lomweli, ku Kapiri, kuli parishi ya Amayi Maria a ku Phiri la Carmel, komwe ansembe a Carmelite akhala akutumikira. Choncho mzimu wa Carmel ndi woyandikana nawo nyumba.

Nanga awerenge chiyani? Buku loyamba ndi Mthenga Wabwino, ndipo apa mwayi ulipo chifukwa uli m'chinenero chathu. Akuluakulu anakulira pa Malembo Oyera, Baibulo la Akatolika la mu 1966, pomwe achinyamata adziwa Buku Loyera la mu 1998. Lamulo la a Franciscan, pa ndime 4, limamuuza munthu kuti aziwerenga Mthenga Wabwino mosamala ndi kawirikawiri. Mawerengedwe ake ndi aja anawalongosola Guigo II, mmonke wa chipani cha Carthusian wa m'zaka za m'ma 1100: kuwerenga, kusinkhasinkha, kupemphera, kenaka kungokhala chete pamaso pa Mulungu. Ndime imodzi ya Marko ikhoza kumukwanira munthu sabata yathunthu. Amene amasonkhana m'miphakati, yomwe Episkopi Patrick Kalilombe anailimbikitsa m'dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, amachita kale theka la ntchitoyi mosadziwa. Chimene chimasowa ndi mbali yomaliza ija, chifukwa kumphakati timakonda kuti aliyense aponyepo mawu.

Chachiwiri ndi Lamulo la chipanicho, ndipo ndi pano pamene munthu amadziyesa. Malamulo a chipani chachitatu cha Discalced Carmelite, ovomerezedwa mu 2003, samabisa mtengo wake. Pakatha nthawi yodziwana, munthu amaphunzira zaka ziwiri, amachita malonjezo a zaka zitatu, kenaka a moyo wonse. Amalonjeza kumvera, umphawi ndi kudzisunga molingana ndi moyo wake, kutanthauza kuti wapabanja akhale wokhulupirika m'banjamo. Amayembekezeka kupemphera Masalimo a m'mawa ndi a madzulo, komanso kupatula pafupifupi theka la ola tsiku lililonse la pemphero la mumtima. Theka la ola mu July, chimanga chili m'nkhokwe, ndi nkhani yosavuta. Theka la ola mu December, udzu ukukula ndi mvula, fodya akufuna kuokera, ndi nkhani ina. Wowerenga Lamulo aliwerenge akuganiza za December, ndipo aliwerenge pamodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake, popeza nthawi imene akufuna kupereka kwa Mulungu ndi ya banja lonse.

Pokhapokha zikatero ndi pamene mabuku a oyera amabwera, ndipo apa ndimakangana ndi anthu ophunzira. Mphunzitsi wa sekondale akangomva za John woyera wa Mtanda amathamangira Dark Night of the Soul, poti dzina lake ndi lokoka. Pakatha mwezi amabwera akunena kuti ali mu usiku wa mzimu, chonsecho vuto lake ndi ngongole ya feteleza. Buku limenelo linalembedwera anthu amene ayenda kale ulendo wautali m'pemphero. Loyambira labwino ndi The Way of Perfection la Teresa wa ku Avila, lomwe analembera asisiteri a m'nyumba yake ya St Joseph, yotsegulidwa mu 1562. Mbali yake yomaliza yonse ikumasulira pemphero la Atate Athu, mawu ndi mawu, pemphero lomwe mwana aliyense wa katekisimu amalidziwa pamtima. Teresa yemweyo anavomera kuti kwa zaka zambiri sankayerekeza kuyamba kupemphera opanda buku m'manja, kupatula akangolandira Ukaristia. Ndipo mu 1559, akuluakulu a Mpingo ku Spain ataletsa mabuku ambiri auzimu olembedwa m'chinenero cha anthu wamba, iye anadandaula kwambiri chifukwa sankadziwa Chilatini. Njala ya mabuku a m'chinenero chobadwa nacho sinayambe ndi ife.

Story of a Soul, la Thérèse wa ku Lisieux, linatuluka mu 1898, chaka chimodzi chitapita mwini wake atamwalira ali ndi zaka 24. Amuna ena amalinyoza kuti ndi la maluwa ndi misozi. Alekerere mitu yoyambirirayo, afike pomwe akufotokoza za kupirira mnzake amene ankamuthira madzi akuda kumaso pochapa zovala, ndi za mdima wa chikhulupiriro umene anadutsamo akudwala chifuwa chachikulu. Palinso kabuku ka Brother Lawrence, bulazala wa Carmelite amene ankaphika ku Paris ndipo anamwalira mu 1691, konena za kukumbukira Mulungu uli pakati pa mapoto. Kwa amene sanasankhe chipani, Introduction to the Devout Life la Francis de Sales, la mu 1609, ndi lothandiza, chifukwa linalembedwera anthu apabanja ndi antchito, ndipo limanenetsa kuti kupembedza kwa mayi wa ana sikungafanane ndi kwa mmonke.

Vuto ndi loonekeratu pa mayina a mabukuwa: ambiri amapezeka m'Chingerezi. Montfort Media ku Balaka ndi Likuni Press asindikiza zambiri za Chikatolika m'Chichewa, ndipo a kumalire ali ndi mwayi wina wakuti zolembedwa m'Chinyanja za kwa Chipata amaziwerenga osapunthwa. Komabe gogo amene sadziwa Chingerezi, kapena amene maso atha, asaganize kuti chitseko chamutsekera. Lamulo loyamba la chipani chachitatu cha Francis, la mu 1221, linalembedwera anthu amene ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo linawalola kunena Atate Athu kangapo m'malo mwa Masalimo. Masiku ano gulu limakhala pansi, mmodzi amawerenga ndime, wina amamasulira, onse amakambirana. Radio Maria, yomwe ikuulutsa mawu kuchokera ku Mangochi kuyambira mu 1999, ndi Radio Alinafe ya arkidayosizi ya Lilongwe, zimafika m'nyumba zomwe buku silinafikemo.

Zolemba zoyendera pa WhatsApp, zija zolonjeza tsoka kwa amene sazitumiza kwa anthu khumi, sizili m'gulu la mabuku auzimu. Buku lovomerezeka limakhala ndi mawu akuti Imprimatur ndi dzina la episkopi kumasamba oyambirira. Pamene palibe mawuwo, kapena pamene munthu akukayika, apite nalo kwa bambo mfumu a parishi yake, omwe ndi amenenso angamuuze kumene gulu la chipani chachitatu lapafupi limasonkhana.