Tizirombo ta m'Mapapo ndi Matenda a Khansa

Alimi ndi matenanti nonse, nyengo yofuwitsa ndi kusankha fodya ikafika, ambiri a inu mumatsokomola chifukwa cha utsi ndi fumbi la m'chigafa. Chifuwa chotere chimatha m'masiku ochepa. Koma chilipo china chosamva mankhwala, ndipo ndi chimenecho tikambirane.

Kale madokotala ankayesa kuti m'mapapo a munthu wabwinobwino mulibe tizirombo. Tsopano kwadziwika kuti timakhalamo tochepa, totsika kuchokera m'kamwa makamaka munthu ali mtulo. M'njira ya mpweya muli tiubweya tosaoneka ndi maso timene timasesa tizirombo timeneti. Utsi wa fodya umaononga tiubweyato. Tsono tizirombo timachuluka, ndipo mapapo amakhala otupa nthawi yaitali. Kutupa kosatha kotere kumathandiza khansa kukula. M'chaka cha 2021 akatswiri a ku New York anapeza kuti odwala khansa ya m'mapapo amene anali ndi tizirombo tambiri ta m'kamwa, monga Veillonella, matenda ao anali aakulu kuposa a anzao.

Mvetsani bwino: khansa sipatsirana. Mwa odwala khansa ya m'mapapo 100 alionse, pafupifupi 85 anaidwala chifukwa chosuta fodya.

Kuno kwathu kachirombo kofunika kukasamala ndi ka chifuwa chachikulu cha TB, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882. TB imasiya zipsera m'mapapo, ndipo amene anaidwalapo ali pangozi yaikulu ya khansa. Zizindikiro za matenda awiriwa zimafanana: kutsokomola, kuonda ndi kulavula magazi. Kotero khansa imabisala, nkudziwika mochedwa.

Palinso nkhani ya mankhwala. Masiku ano alipo mankhwala a khansa odzutsa chitetezo cha m'thupi. Mu 2018 madokotala a ku France analengeza kuti mankhwalawa sanagwire bwino ntchito mwa odwala amene anali atangomwa mankhwala opha tizirombo, popeza amaphanso tizirombo tothandiza ta m'matumbo.

Choncho lekani kugula makapisozi pagolosale. Mukatsokomola masabata awiri, pitani kuchipatala akayeze makhololo. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa. Ngati TB sinapezeke, kapena mwatsiriza mankhwala koma chifuwa chikadalipo, bwererani mukapemphe kuti akujambuleni m'chifuwa. Musadikire kuti muyambe mwagulitsa fodya.